Mmene Ndinaumitsira Chimanga cha Apongozi ndi Mzere Umodzi

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera. Chimanga cha apongozi anga chimene chinauma chaka chija sichinaume chifukwa cha dzuwa ayi, ngakhale kuti kuno ku Chikwawa dzuwa timalinamizira zambiri. Ndinachiumitsa ndine, ndi zala zangazi, ndili khale pamthunzi. Lero ndimaseka ndikamaikamba nkhaniyi, ndipo banja langa lili pa mtendere, koma ndikufuna anzanga amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta muimve bwino, kuti zimene zinandigwera ine zisadzakugwereni.

Kwathu kwenikweni ndi ku Ndamera, ku Nsanje. Kumeneko mwamuna amalowola n'kutenga mkazi kupita naye kwawo. Koma ine mtima unandikokera kwa mtsikana wa Chimang'anja, mphunzitsi wa pa pulayimale, dzina lake Linesi, ndipo ndinapezeka ndamanga nyumba pamudzi pa akazi anga ngati mkamwini. Anzanga a ku Ndamera ankandiseka kuti wolowoledwa ndine. Ndinkaseka nawo, koma mkatimu munkawawa pang'ono, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anthu a pamudzipo aone kuti mkamwini wabwerayu si wongotha ufa. Vuto linali lakuti ine ndi khasu sitinkamvana kwenikweni. Ntchito yanga inali yokonza mafoni ndi malaputopu pa Nchalo, ndipo ndikaweruka ndinkadziphunzitsa chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Python.

Apongozi anga, mayi ake a Linesi, ndi mayi wamasiye, ndipo mwambo amaugwira ndi manja awiri. Ine ndi iwo sitinkalankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku, ine uku, moni n'kumaponyerana chapatali titayang'ana pansi. Chilichonse chimene ankafuna kundiuza chinkadzera mwa mwana wawo. Chaka chimenecho munda wawo wa mvula unakokoloka ndi madzi osefukira, choncho chakudya cha pakhomo ponse, ife tomwe, chinali m'ndime yawo ya ku sikimu ya mthirira. Ndimeyo inali kumunsi kwenikweni, kumene ngalande imathera.

Sikimuyo ili ndi magawo atatu: la kumtunda, la pakati ndi la kumunsi. Ngalande ndi imodzi, ndipo madzi sangakwanire onse tsiku limodzi, ndiye anthu amathirira mosinthana. Kale panali bambo wina amene ankazungulira pa njinga kuuza anthu tsiku lawo, ndipo mikangano inali yosatha: uyu akuti sanandiuze, uyo akuti ndinamva mochedwa. Ndiye kunabwera pampu yatsopano yoyendera dzuwa. Pa tsiku loitsegulira, mlendo amene anailankhulira ananena kuti tsopano vuto la madzi latha, ndipo anthu anawasunga mawu amenewo. Pampu itasintha, masiku othirira anayeneranso kugawidwa mwatsopano, ndipo apa ndi pamene ine ndinaimika dzanja.

Ndinauza apampando a komiti, a Zuze, mkulu wochezeka amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambiki, kuti ntchito ya njinga ija kompyuta ingaigwire bwino. Ndinati ndilemba pulogalamu imene izitumiza uthenga pa foni ya mlimi aliyense masana, kumuuza ngati mawa lake ndi tsiku lake lothirira. A Zuze anakondwa kwambiri. Anati popeza ndine wophunzira, ndigawenso ndekha masikuwo molingana ndi mphamvu ya pampu. Pa msonkhano anauza anthu kuti kuyambira tsopano aliyense azimvera foni yake basi. Taonani pamene panali msampha, inu owerenga: munthu wodziwa masiku enieniwo ndinali ine ndekha, ndipo sindinawalembe pena paliponse poti anthu aone.

Kagawidwe kanga kanalibe vuto. A kumtunda Lolemba ndi Lachinayi, a pakati Lachiwiri ndi Lachisanu, a kumunsi Lachitatu ndi Loweruka. Lamulungu pampu ipume, anthu apite ku tchalitchi. M'pulogalamumo ndinafuna ndandanda ya mizere itatu, gawo lililonse mzere wake, ndipo mumzere uliwonse timabokosi tisanu ndi kamodzi, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Kabokosi kakakhala ndi ziro, ndiye kuti tsiku limenelo palibe madzi. Kakakhala ndi wani, ndiye kuti thirirani. Poyamba ndinkafuna timabokosi tonse tikhale ndi ziro, ndiye ndinalemba chonchi:

ndandanda = [[0] * 6] * 3

Ndinauyang'ana mzerewu ndipo unandisangalatsa. Unali waufupi, waukhondo, wooneka ngati walembedwa ndi munthu wodziwa zinthu. M'maganizo mwanga ndinkati ndauza kompyuta kuti ipange mzere wa maziro, kenako ipange mizere yotero itatu. Ndinayesa kamodzi kokha. Ndinaika wani pa Lolemba la gawo la kumtunda, n'kuuza kompyuta indionetse mzere woyambawo. Unaoneka bwino. Mizere iwiri inayo sindinaisuzumire n'komwe. Ndinamaliza kuika masiku ena onse, ndinadzitumizira uthenga umodzi pa foni yanga, unafika, ndipo ndinadziguguda pachifuwa. Laputopu yakale ndinaisiya mu kaofesi ka sikimu italumikizidwa ndi kafoni kotumizira mauthenga, ndipo mawa lake ndinakwera minibasi kupita ku Blantyre, kumene ndinali ndi maphunziro a masabata awiri.

Zimene zinkachitika kumudzi ndinadzazimva pambuyo pake. Masana oyamba aja mafoni onse a m'sikimu analira, ndipo aliyense anawerenga kuti mawa ndi tsiku lake lothirira. Mawa lake analiranso onse. Mkuja chimodzimodzi. Anthu sanadabwe, poti paja anauzidwa kuti vuto la madzi latha. A kumtunda anangoti nayo pampu yatsopano ija, n'kumatsegula zipata zawo m'mawa uliwonse, mitima ili mbee. A pakati ankalandira otsala. A kumunsi ankangoona ngalande ili gwa. Wa kumunsi akapita kumtunda kukadandaula, mnzakeyo ankatulutsa foni n'kumuonetsa uthenga, iyenso n'kutulutsa yake yokhala ndi uthenga womwewo, ndipo onse awiri ankasowa wolakwa.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene munakhalapo ku Chigwa cha Shire mukudziwa mmene kumatenthera nthawi imeneyo, moti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mtengo. Ndipo chimanga cha apongozi chinali chitangoyamba kumasula ngayaye, nthawi imene chimanga sichifuna kusowa madzi ngakhale pang'ono.

Mwayi wokonza zinthu ndinapatsidwa, koma ndinaukankha ndekha. Sabata yoyamba isanathe a Zuze anandiimbira foni. Anati, “Mwanathu, azimayi a kumunsi akudandaula. Akuti madzi nkhabe kufika, sakufika n'komwe.” Ine ndinayang'ana pa foni yanga n'kuona kuti mauthenga akutuluka tsiku lililonse. Sindinafunse kuti akupita kwa yani. Ndinawayankha kuti mwina pali wina akuba madzi, kapena ngalande yang'ambika penapake, chifukwa kompyuta silakwitsa, olakwitsa ndi anthu. Mawu amenewo ndinawanena ndi kukhosi konse, kenako ndinadula foni poti phunziro linali kuyamba. A Zuze, amene ndime yawo ili kumtunda, sanaone chifukwa chondiuza kuti foni yawo ikulira tsiku ndi tsiku. Ankayesa kuti ndi mmene ndinakonzera.

Koma chimene chimandikhudza mtima mpaka lero ndi apongozi anga. Iwo anali atayenda kale pakati pa azimayi anzawo kunyadira kuti za mafonizi wapanga ndi mkamwini wawo. Madzi atasowa, azimayiwo anabwera kwa iwo kuti andifunse. Nanga akanandifunsa bwanji? Kundiimbira foni okha mwambo sukanalola. Kuuza Linesi kunali ngati kuneneza mwamuna kwa mkazi wake, ndiponso kuvomera pamaso pa anzawo kuti chimene ankanyadira chija chavuta. Ndiye anangowayankha kuti adekhe, bambo aja akudziwa chimene akuchita. Linesi anali wotanganidwa ndi mayeso a ana kusukulu, ndipo akawafunsa za kumunda ankangoti zonse zili bwino. M'mawa uliwonse ankanyamula khasu lawo, kupita kundime, kutsegula kachipata kawo, n'kukhala pansi m'mbali mwa ngalande youma kudikira madzi amene foni inawalonjeza. Dzuwa likafika pamutu ankatseka kachipatako n'kubwerera.

Loweruka lachiwiri Linesi anaganiza zowaperekeza kumunda. M'mawa womwewo foni yanga inalira, ndipo mawu ake sanali aja ndinawazolowera. Anati, “Inu, bwerani lero lomwe mudzaone zimene kompyuta yanu yachita. Chimanga cha amayi chapota masamba ngati anyezi, pomwe foni yawo ikuwauza tsiku lililonse kuti akathirire.” Ndinamufunsa kuti wati tsiku lililonse? Anati inde, tsiku lililonse, ndipo ndi aliyense m'sikimu muno. Pamenepo ndinasiya tiyi patebulo n'kuthamangira ku minibasi, ndipo njira yonse yotsika mapiri a Thabwa ija ndinkangowerenga mzere uja m'mutu, osaona polakwika.

Nditafika sindinadzere kunyumba. Ndinalowa mu kaofesi kaja n'kuchita chimene ndikanachita pa tsiku loyamba: ndinauza kompyuta indionetse ndandanda yonse. Mizere itatu yonse inali yofanana ndendende, wani kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Ndinafufuta zonse n'kuyambiranso ndi maziro. Ndinaika wani m'kabokosi kamodzi kokha ka mzere woyamba. Nditayang'ana, wani uja anali m'mizere yonse itatu. Ndinasintha mzere wachitatu, woyamba ndi wachiwiri inasinthanso. Thukuta linali kamukamu, ndipo silinali la dzuwa lokha.

Nditafufuza pang'ono pa intaneti ndinapeza kuti dzenje limeneli lagwetsa anthu ambiri. Nkhani yake ili chonchi. Pamene ndinati kuchulukitsa katatu, kompyuta sinapange mizere itatu ayi. Inapanga mzere umodzi wokha, kenako inaika njira zitatu zopita ku mzere womwewo. Zili ngati munthu amene akufuna makola atatu a mbuzi, koma wamanga khola limodzi n'kuliboola zitseko zitatu. Ukaima panja ukuona zitseko zitatu n'kumati makola alipo atatu. Koma mbuzi imene walowetsera pa chitseko choyamba, ukasuzumira pa chachitatu uipeza momwemo. Masiku onse amene ndinkaganiza kuti ndikugawira magawo atatu ndinkawalowetsa m'khola limodzi, ndipo gawo lililonse likasuzumira pa chitseko chake linkaona masiku onse asanu ndi limodzi ali ake. Kompyuta sinalakwitsedi. Inachita ndendende chimene ndinaiuza.

Kukonza kwake kunali kochititsa manyazi chifukwa cha kuphweka kwake:

ndandanda = []
for gawo in range(3):
    ndandanda.append([0] * 6)

Apa kompyuta imazungulira katatu, ndipo ulendo uliwonse imamanga mzere watsopano, wakewake, wosakhudzana ndi unzake. Ndinayesanso, tsopano ndikuyang'ana mizere yonse. Ndinasintha umodzi, inayo inangokhala phee. Ntchito imene ndinaimaliza madzi a m'botolo langa asanatenthe n'komwe ndi imene inasowetsa anthu madzi pafupifupi masabata awiri.

Kenako ndinapita kundime. Inu owerenga, chimanga chofota chimamvetsa chisoni, koma chimamvetsa chisoni kwambiri ukadziwa kuti wachifotetsa ndiwe. Masamba anali otuwa, opotana, ngayaye zina zitayera kale. Apongozi anali chapatali pansi pa kamtengo, ndipo atandiona anatembenukira kumbali monga mwa nthawi zonse. Dzuwa linali litapendeka, pampu inali itachepa mphamvu, ndipo mawa lake linali Lamulungu. Ndinabwereka makheni awiri n'kuyamba kutunga madzi pa chitsime chakale chimene chili kuseri kwa sikimu. Ine amene ndinkathawa khasu ndinayenda ndi makheniwo mpaka mapewa anasupuka. Linesi anandithandiza. Ndinaona apongozi akutsogola ndi khasu, kukumba timabeseni patsinde pa chimanga kuti madzi anga ochepawo asamwazike.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, a Zuze anaitanitsa alimi onse pansi pa mitengo ya nimu ya pa ofesi. Ena anandilangiza kuti ndinene kuti netiweki ndi imene inasokoneza, poti anthu akanakhulupirira. Mtima unafunadi kutero. Koma nditaona apongozi atakhala kumapeto kwa gulu la azimayi, atafunda chitenje kumutu, ndinadziwa kuti iwo anandiimira kumbuyo masiku onsewa, ndipo sindikanawalipira ndi bodza. Ndinaimirira n'kunena kuti wolakwa si wa kumtunda, si wa kumunsi, si pampu, koma ine. Ndinawafotokozera za khola la zitseko zitatu lija. Anthu ena anaseka, ena ayi. Mayi wina wa kumunsi anandifunsa ngati kwathu ku Ndamera makola timamanga choncho, ndipo apo ndiye gulu lonse linafa ndi phwete, ine ndili chilili, makutu akutentha.

A Zuze anadikira kuti phokoso lithe, kenako anandithokoza m'chiyankhulo cha makolo awo, anati, “Takhuta, mwanathu, mwalonga chilungamo. Koma chilungamo sichithirira munda. Abale a kumtunda, ife tamwa madzi a anzathu mosadziwa, tiyeni tibweze.” Panalibe wotsutsa, makamaka poti chimanga cha ena a kumtunda chinali chitayamba kuchita chikasu ndi madzi ochuluka. Anagwirizana kuti sabata imeneyo madzi ayambire kumunsi masiku otsatizana, ndiponso kuti masiku a gawo lililonse alembedwe ndi penti pakhoma la ofesi, kuti foni ikadzanamanso mwana aliyense adzathe kuigwira bodza. Lolemba m'mawa ndinali pa ndime ya apongozi pamene madzi anatulukira m'ngalande, akukankha zinyalala patsogolo. Sindinaonepo madzi amatope okongola ngati amenewo.

Si chonse chinapulumuka. Mizere ya kumapeto kwenikweni, kumene dothi lake ndi lamchenga, inabereka zitsononkho za njere apa ndi apo, ndipo zina zinalibiretu kanthu. Anzawo a apongozi a m'gawo lomwelo anatayanso chimodzimodzi, ndipo ndinayenda khomo ndi khomo kukapepesa. Koma gawo lalikulu la ndime linatsitsimuka ndipo linabereka. Chakudya chinaperewera pang'ono, amalume ake a Linesi a ku Chapananga anatitumizira mapira, ndipo tinafika nawo pa zokolola za mvula popanda wogona ndi njala.

Tsiku lina madzulo, chimanga chitakhwima, ndinali pakhonde ndi Linesi pamene ndinaona apongozi akubwera okha ndi mbale ziwiri za mondokwa wophika. Ndinafuna kudzuka kuti ndilowe m'nyumba monga mwa mwambo, koma anandikodola kuti ndikhale. Anakhala pansi, anaika mbale imodzi patsogolo panga, ina patsogolo pa mwana wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni anandiyang'ana n'kulankhula ndi ine mwini. Anati, “Bambo, iyi ndi yanu, iyo ndi ya Linesi. Ndayang'anitsitsa, zilipodi ziwiri. Mukadya m'mwanumo, za mnzanu sizichepa.” Linesi anaseka mpaka misozi. Ine ndinaseka nawo, chifukwa ndinadziwa kuti andikhululukira. Kuyambira tsiku limenelo timacheza ngati mayi ndi mwana wawo.

Tsono inu anzanga amene mukuphunzira ntchito imeneyi, mverani ine amene ndinasupuka mapewa. Mukamapanga ndandanda yokhala ndi mizere mkati mwake, musachulukitse mzere umodzi n'kumati mwapanga yambiri. Mzere uliwonse muumange pawokha. Si mu Python mokha, m'ziyankhulo zina dzenje lomweli lilimo, langovala malaya ena. Ndipo mukamayesa, musayang'ane pokhapo pamene mwasintha. Sinthani kabokosi kamodzi, kenako muyang'ane ndandanda yonse, makamaka mizere imene simunaikhudze. Ine ndikanangochita zimenezo, nkhani ino sikanakhalapo.

Chinanso, munthu akakuuzani kuti madzi sakufika, musamuyankhe kuti kompyuta silakwitsa. Mufunseni zimene akuona, chifukwa iye ali kumunda, inu muli pamthunzi. Ndipo kumbukirani kuti kumapeto kwa ngalande kumakhala anthu ena amene sadzakuimbirani foni kudandaula, mwina chifukwa cha ulemu, mwina chifukwa chokukhulupirirani. Amenewo ndi amene muyenera kuwaganizira musanatseke laputopu n'kukwera minibasi.

Pulogalamu ija ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo ine ndikadali mkamwini pamudzi pomwepa, wokhutira ndithu. Khasu ndayamba kulizolowera, ngakhale apongozi amati ndimaligwira ngati cholembera. Foni yawo tsopano imalira kawiri kokha pa sabata, Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Ikalira, m'mawa mwake amanyamula khasu kupita kundime, amatsegula kachipata kawo, ndipo madzi amafikadi.